Tsiku Limene Ottilia Anatsitsa Mwamuna Wake M'chitsime

Ottilia wa ku Mkaika anakwatiwa ndi Gervazio mu 1954, ndipo mwamunayo anadzakhala kuchikamwini. Atakolola kawiri n'kubereka mwana wawo Anna, Gervazio anapita kukagwira ntchito yomanga damu kutali, komwe ankamuveka chisoti chachitsulo n'kumutsitsa pansi pa madzi. Anabwerako mu 1958 akukoka mwendo wamanzere.

Iye ankafotokoza kuti tsiku lina anamukweza mofulumira. Atangovula chisoti, maondo anayamba kuwawa, khungu likuyabwa, kenako mwendo unachita dzanzi. Dokotala anati mpweya unachita thovu m'magazi. Anamutsekera m'thanki yachitsulo n'kupoperamo mpweya, kuti thupi likhale ngati labwerera pansi pa madzi, kenako n'kumautulutsa pang'onopang'ono. Ululu unachepa, koma mwendo sunadzuke.

Ottilia ndiye ankamusambitsa, kumuthowa, ndi kumugwiriziza popita kuchimbudzi. Atamutengera kuchipatala pangolo, achipatala anawauza kuti thankiyo imathandiza munthu akangovuuka, osati patapita miyezi.

Amalume ake a Ottilia, a Josephat, anadikira chaka, kenako analankhula.

"Mvula ikagwa iyeyu asanagwire khasu, abwerere kwawo ku Vubwi."

Mitambo itayamba kuda, Ottilia ankangoyang'ana kumwamba. Tsiku lina masana anthu ali kuminda, Gervazio anati, "Amake Anna, nditsitseni m'chitsime. Pansi pa madzi sindinkamva kuwawa."

"Nanga mukamira, ndikanena chiyani kwanu?"

"Mukanene kuti anafera ntchito imene ankaidziwa," anatero akuseka.

Ottilia sanaseke. Anamumanga chingwe cha ng'ombe m'khwapa, n'kuchizunguliza pamtengo wopingasa pachitsimepo. Anamutsitsa pang'onopang'ono mpaka anamva kuti khuvu.

"Onjezani!" anakuwa Gervazio. Koma chitsime cha m'chilimwe chinali chitaphwa, madzi analekeza m'chiuno. Anaima m'matopemo nthawi yaitali, kenako anati chapansipansi, "Ndikwezeni."

Ottilia anakoka, chingwe osasuntha. Anakokanso, chikumusupula m'manja, mwamuna wake akunjenjemera pansipo. Ottilia anakuwa, ndipo amene anatulukira m'tchire ndi a Josephat. Anakoka awiri mpaka Gervazio anagwa pa udzu. Mwendo unali chimodzimodzi.

"Mwapenga nonse? Madzi akumwa awa!" anakalipa a Josephat. "Mawa lomwe azipita."

Ottilia, amene anali asanawayankhepo amalume ake chibadwire, anapukuta magazi pachitenje.

"Amalume, munda wa bambo a Anna ndimalima ndine. Wanu wa mtedza uja ndimapaliranso ndine, chidwalire azakhali. Akapita, ndipita nawo."

A Josephat anakulunga chingwe, maso ali kumitambo.

"Gwira uko, timunyamule," anatero.

Gervazio sanagwirenso khasu. Anakhalabe pamudzipo, akuluka malichero pakhonde, Ottilia akulima minda iwiri.