Kalasi Imene a Luhanga Anasiya

Marjory anabadwira m'malaini a esiteti ya tiyi kufupi ndi Chinakanaka, makolo ake atachokera ku Mozambique. Sukulu analekezera Fomu 2, ndipo anayamba kuphunzitsa Sitandade 3 ku Chonde ngati mphunzitsi wongothandizira. Komweko anakwatiwa ndi a Luhanga, mphunzitsi wa Chingerezi wochokera ku Rumphi. Anabereka ana awiri, Sungani ndi Rosie.

Mu 1989 kunabwera lamulo loti aphunzitsi abwerere kuzigawo zakwawo. A Luhanga anafuna kuti apite onse, koma mayi ake a Marjory anali atafa ziwalo mbali imodzi, ndipo panalibe wina wowasamalira. Anagwirizana kuti Sungani apite ndi bambo ake, Rosie atsale.

Tsiku la ulendo, basi itaima, a Luhanga anati, "Ndikakakhazikika ndidzabwera kudzakutengani."

"Chabwino," anatero Marjory. Sanalire. Anamupatsira Sungani nthochi pawindo, n'kubwerera kunyumba kukachapa.

Lolemba lake ahedi anamupatsa Sitandade 8, kalasi ya amuna ake, poti aphunzitsi anali ataperewera. Anapeza kuti a Luhanga analekezera pa mutu wa zilembo zazikulu. Analemba pabolodi "walk north", m'munsi mwake "the Northern Region".

"Mukamanena kumene mwalowera, n amakhala wamng'ono," anauza anawo. "Likakhala dzina la chigawo, wamkulu."

Mtsikana wina, Joice, anakweza dzanja. "Madamu, nanga tikamalemba kuti a Luhanga apita ku North?"

Nkhani imeneyi anthu sankaitchula pagulu masiku amenewo. Marjory anayang'ana choko chimene chinali m'manja mwake, koma mumtima sanamvemo kalikonse.

"Wamkulu," anayankha. "Lembani."

A Luhanga anabwera pa holide yoyamba ndi yachiwiri. Yachitatu sanabwere, ndipo patapita nthawi kunamveka kuti akwatira kwawo. Marjory ankadzuka m'mawa, kusambitsa mayi ake, kupita kusukulu, kubwerako. Anzake kutchalitchi ankati ndi wolimba mtima, iye osatsutsa.

Mayiwo anamwalira mu 1992. Maliro atatha, amalume ake anamuitanira pambali.

"Tsopano palibe chokugwira. Pita ukamuone mwana."

"Ndidzaona, amalume."

Mvula yoyamba itagwa, anadzala chimanga ndi nandolo m'munda wonse wa mayi ake, mpaka kumalire.