Kadontho Kofiira Kanandilanda Chinkhoswe cha Mwana Wanga

Ndivomere poyambirira pomwe kuti kanthuko ndinagula ndekha ndi manja angawa, ndipo ndinakaika ndekha m'sutikesi. Palibe anandilodza, palibenso anandiikira ndili m'tulo. Koma amene akudikira kuti ndiziyenda chowerama ngati ndinaba nkhuku adikira mpaka kutopa. Ndikunena izi kuti inu owerenga, makamaka amayi anzanga amene muli kuno ku Dubai, musagwe m'dzenje limene ndinagwamo ine.

Ndine mayi wa ana atatu, kwathu ndi ku Mponela. Ndinabwera kuno zaka zingapo zapitazo kudzalera ana panyumba ina ku Jumeirah. Amuna anga, bambo a Tamanda, anatsala kwathu akuyendetsa chigayo ndi sitolo ya mbewu ndi feteleza. Chaka china achifwamba anawalowera m'sitolomo n'kuwatema ndi chikwanje paphewa. Atachira anayendayenda m'maofesi mpaka anapeza chilolezo chokhala ndi mfuti yam'manja. Ine sindinawatsutse. Munthu amene waonapo magazi ake ali pansi sungamuuze kuti asaope.

Vuto linalowera pafoni. Bamboo anayamba kuonera mavidiyo a anthu akunja akuwombera zitini ndi mapepala, ndipo aliyonse amene awasangalatsa ankanditumizira. Masana ana akagona, foni yanga inkangolira. Ankandionetsa kagalasi kakang'ono kamene amamangirira pamwamba pa mfuti. Ukasuzumiramo umaona kadontho kofiira, ndipo akuti pamene kadonthoko kakhala ndi pamene chipolopolo chikafike.

"Mayi a Tamanda, maso angawa ayamba kuchita chidima," anandiuza tsiku lina. "Tizitsulo tolozera tili pamfutiti sindikutiona bwino. Koma ndi kadonthoko ngakhale mwana akhoza kulasa. Kuno sikapezeka. Kwanuko ku Dubai kuli chilichonse."

Inu owerenga, mawu akuti ku Dubai kuli chilichonse atipweteka ambiri. Anthu kwathu amaganiza kuti ife kuno timangoyenda mumsewu n'kumatola mafoni ndi mawotchi ngati mango a m'dzinja.

Panyumba yoyandikana nafe pankagwira ntchito a Twaibu, dalaivala wa ku Machinga amene kale anali msilikali. M'mawa wina, nditakweza ana basi ya kusukulu, ndinawapeza akutsuka galimoto pageti. Ndinawaonetsa chithunzi cha kagalasiko n'kuwafunsa ngati n'kaphindu. Anapukuta m'manja, n'kuchiyang'ana nthawi yaitali.

"Achemwali, sindinganame, kamathandizadi," anatero. "Koma kamathandiza munthu woyeserera kawirikawiri. Wosazolowera akasolola mfuti mwamantha amayamba kufunafuna kadonthoko m'galasimo, wakuba ali kale pakhosi. Kamadya batire. Fumbi la pachigayo likaphimba galasi, khalas, kasiya kugwira ntchito. Ndipo si mfuti iliyonse imene kamakwanapo. Kodi alamu angawo anaiwomberapo kangati mfutiyo?"

Ndinati sindikudziwa.

"Afunseni. Koma ngakhale ayankhe bwanji, inu musakanyamule. Dziko lino chilichonse chokhudza mfuti saseka nacho."

Madzulo ake ndinawafunsadi bambo a Tamanda. Anayamba azungulirazungulira, kenako anavomera kuti anaiwombera tsiku limene ankawaonetsa kagwiridwe kake, basi. Akuti zipolopolo n'zodula, sangamaziseweretse. Nditawafotokozera zimene ananena a Twaibu, anapsa mtima. Anandifunsa ngati tsopano nkhani za m'nyumba mwathu ndikumakambirana ndi amuna apageti. Kenako anatsitsa mawu n'kunena chimene chinandithyola msana.

"Chabwino, siyani. Akadzabweranso n'kundipha, mudzakumbuke kuti ndinakupemphani."

Amayi anzanga, mawu amenewa mukuwadziwa. Amabwera mosiyanasiyana koma ndi amodzimodzi. Ukagona amakhala pachifuwa. Ine ndinali kutali, ndikudya bwino m'nyumba yozizira ya eni ake, iwo ali okha ndi chipsera paphewa. Ndinadziona wolakwa ndisanalakwe n'komwe.

Nthawi imeneyo n'kuti mwana wathu woyamba, Tamanda, atapeza banja, ndipo tsiku la chinkhoswe litadziwika. Madamu anga, mayi a ana amene ndinkalera, anandipatsa tchuthi n'kundigulira tikiti. Miyezi yonseyo ndinkasonkhanitsa tinthu ta mwana wanga: nsalu zoti tikavale ine ndi iye, nsapato, mapoto onyezimira, mafuta onunkhira. Usiku uliwonse ndinkatsegula sutikesi n'kumangoziyang'ana. Tamanda ndinamusiya ali kamtsikana ka sekondale. Kukula kwake ndinakuonera pafoni. Ndinadziuza kuti tsiku limeneli lokha ndikakhalapo, ndikavine mpaka miyendo itupe.

Lamlungu lomaliza ndisananyamuke, nditatuluka kutchalitchi, ndinakwera sitima ya Metro kupita kudera la masitolo la Deira. Ndinalowa m'masitolo angapo ogulitsa matochi, matenti ndi zoonera patali, ndikuonetsa chithunzi chija. Ena ankangopukusa mutu. Wina anandiyang'ana mpaka ndinachita manyazi. Pomaliza munthu wina analowa kuseri n'kutuluka ndi kabokosi kakuda kokwana m'chikhatho. Ndinamufunsa ngati ndingakwere nako ndege. Iye anaseka n'kunena kuti palibe vuto, ndi kagalasi chabe, si mfuti. Ndinamukhulupirira chifukwa ndinkafuna kumukhulupirira.

Nditafika kunyumba ndinakakulunga m'thaulo, n'kukalowetsa m'poto mmodzi wa Tamanda, n'kuvundikira. Apa ndiye pamene ndinapusa kwambiri. Chinthu chimene ulibe nacho mantha sumachibisa m'poto. Mtima wanga unkadziwa, koma ndinautseka pakamwa.

Tsiku la ulendo ndinafika pabwalo la ndege m'mamawa. Sutikesi anailandira bwinobwino, pasipoti anadinda, ndipo ndinakakhala pampando kudikira ndege, kapu ya tiyi ili m'manja. Ndinatumizira Tamanda uthenga woti amayi ako ali panjira. Tiyiyo ndisanamalize ndinamva dzina langa likuitanidwa. Panabwera apolisi awiri, mwamuna ndi mkazi, n'kundipempha mwaulemu kuti ndiwatsate.

M'chipinda chimene anandilowetsa, sutikesi yanga inali kale patebulo. Anandiuza kuti nditsegule ndekha. Wamkaziyo sanafunefune. Anangotenga poto uja, n'kuvundukula, n'kumasula thaulo. Wamwamunayo ananyamula kagalasiko, n'kukayatsa, n'kusuzumiramo. Kenako anandifunsa modekha kuti mfuti yake ili kuti.

Ndinayesa kufotokoza m'Chingerezi changa cha kukhitchini kuti mfutiyo ili ku Malawi, ndi ya amuna anga, ili ndi chilolezo. Anandifunsa ngati ineyo ndili ndi chilolezo chogula kapena kunyamula chipangizo cha mfuti m'dziko lawo. Ndinalibe. Anandifunsa chifukwa chimene ndinakabisira m'poto. Anatenga foni yanga, ndipo anapezamo mavidiyo onse aja, ndi chithunzi cha bambo a Tamanda atanyamula mfuti m'sitolo ngati munthu wa m'filimu. Sanandikalipire, sanandigwire moipa, mpaka anandipatsa madzi akumwa. Koma ndege inanyamuka ine ndili pampando umenewo.

Ananditengera kupolisi, kumene ndinagona masiku angapo pamodzi ndi amayi a mitundu ina amene sitinkamvana chilankhulo. Bwana wa panyumba paja ndi amene anabwera kudzandiimira kuti nditulukeko. Pasipoti apolisi anatsala nayo, n'kundiuza kuti sindingatuluke m'dzikoli mpaka nkhani yanga itatha.

Nditangobwezeredwa foni ndinaimbira amuna anga. Ndinali ndisanasambe bwino, tsitsi lili nyankhalala. Ndinawafotokozera zonse. Nditamaliza anafunsa funso lawo loyamba.

"Ndiye kachipangizoko alanda?"

Inu owerenga, sanafunse ngati ndadya. Sanafunse kumene ndinagona. Misozi imene inali m'maso inabwerera yokha. Ndinadula foni, ndipo kuyambira ola limenelo ndinasiya kudziona wolakwa pamaso pawo.

Chinkhoswe cha mwana wanga ndinachionera pafoni, nditakhala pabedi m'kachipinda kanga kuseri kwa khitchini. Mng'ono wanga ndi amene ankandijambulira. Netiweki inkangodukaduka. Ndinaona ankhoswe akusinthana nkhuku, chithunzi n'kuima, pobwerera anthu ali kale pakati pa bwalo akufupa. Pampando umene ndikanakhala ine panakhala azakhali ake a Tamanda. Nsalu imene ndinagula kuti tikavale inali pambali panga, ikadali m'pepala lake. Madzulo Tamanda anandiimbira ali yekha. Ndinayamba kupepesa, iye n'kundidula.

"Amayi, musalire. Ndikudziwa amene anakutumani."

Nkhani ija inatenga miyezi. Pomaliza anandilipiritsa chindapusa, kagalasiko n'kulandidwa. Sanandithamangitse m'dziko, ndipo pamenepo ndimathokoza Mulungu ndi mabwana anga amene anandichitira umboni. Koma zitatha madamu anandiitana m'khitchini. Anati amandikonda, koma sangasunge m'nyumba ya ana munthu amene dzina lake lamveka pankhani ya mfuti. Sindinawadandaulire. Ndikanakhala iwo mwina ndikanachita chimodzimodzi. Chimene chinandipweteka n'kamwana kawo komaliza, kamene ndinakalera kuyambira kali kakhanda. Tsiku lochoka kanagwira siketi yanga pageti, kakukana kuisiya. A Twaibu ndi amene ananditengera katundu pagalimoto. Njira yonse sananene n'kamodzi komwe kuti ndinakuuzani.

Pano ndikusamalira mayi wina wokalamba m'fulati ku Al Barsha. Ntchito ndi yolemera kuposa ija, koma ndikuigwira.

Nkhani inafalikira msanga pakati pa Amalawi kuno. Ena anati ndinagwidwa ndi mfuti zitatu. Ena anati ndimatumikira gulu la achifwamba. Kutchalitchi ndinamva kuti andipatsa dzina loti mayi wa mfuti. Anzanga ena anandilangiza kuti ndiyambe ndasiya kupitako mpaka anthu aiwale. Ine Lamlungu lotsatira ndinavala nsalu ya chinkhoswe ija, n'kukakhala kutsogolo kwenikweni. Titatuluka ndinamva amayi awiri akunong'onezana kumbuyo kwanga. Ndinatembenuka n'kuwauza kuti ngati akufuna nkhaniyo andifunse ine mwini wake, ndiwauza yonse popanda kuchotsa kapena kuwonjezera. Ndinawafunsanso kuti ndani mwa iwo sananyamulepo phukusi la munthu osadziwa zam'kati.

Kwathu nakonso alamu anga ananena kuti ndachititsa manyazi banja, ndiye ndiimbe foni ndipepese kwa akuluakulu onse. Ndinakana. Munthu amene ndinamulakwira ndi mwana wanga, ndipo iye ndinamupepesa kale. Enawo akafuna kupepesedwa akayambire kwa mchimwene wawo amene anandituma.

Mwina simukhulupirira, koma patapita nthawi bambo a Tamanda anayambitsanso nkhaniyo. Anati wina wawauza kuti kagalasiko kakatumizidwa pa kago, pandege ya katundu, sikagwidwa. Ndinawalola amalize, kenako ndinawayankha momveka bwino. Ndinati agule agalu, alembe mlonda, aike magetsi kunja kwa sitolo ndi zitsulo m'mawindo, pazimenezo ndiwathandiza. Akafuna kadontho kofiira apite okha kwa amene anawapatsa chilolezo akafunse njira yake, koma ayambe aphunzira kuwombera mfuti imene ali nayo kale. Dzina langa ndi pasipoti yanga zisalowenso m'nkhani imeneyi. Anakwiya, ndipo anakhala milungu osandiimbira. Ine sindinawanyengerere. Banja lilipobe, koma tsopano akudziwa pamene pali malire.

Ena amandifunsa ngati kagalasi kameneka n'kothandizadi pamfuti yodzitetezera. Ine si katswiri, ndine wolera ana ndi okalamba. Ndikukhulupirira kuti kwa munthu amene amayeserera, amene amakasamalira ndipo malamulo a kwawo amamulola, kangathandize. Koma munthu amene mfuti yake imangogona m'kabati, amene anaiwombera kamodzi, kadontho sikangamusandutse msilikali. Amuna anga sankafuna kagalasi. Ankafuna chinthu choti chiwachotsere mantha, ndipo chimenecho sichigulitsidwa ku Deira.

Choncho inu amene muli kunja kuno, wachibale akakutumani chinthu chokhudza mfuti, kaya n'kakang'ono bwanji, kaya ndi kagalasi, kachikwama kake kapena kachitsulo chabe, kanani. Wogulitsa akakuuzani kuti palibe vuto, dziwani kuti pabwalo la ndege mukakhala nokha, iye ali m'sitolo mwake akugulitsa matochi. Munthu wodziwa akakuchenjezani, mumvereni ngakhale akunyumba akwiye. Mkwiyo wa wachibale umatha. Tsiku la mwana wako likadutsa silibwerera.

Mwezi wathawu ndinapeza mwayi wopita kwathu kukaona mdzukulu wanga woyamba. Kutatsala tsiku limodzi kuti ndinyamuke, mayi wina wa kutchalitchi anandipeza pasiteshoni ya Metro ndi phukusi lomatidwa ndi tepi mbali zonse, akuti ndikapatse mchemwali wake ku Lilongwe. Ndinatulutsa kiyi wa fulati n'kuyamba kung'amba tepiyo pomwepo, anthu akudutsa. Anakwiya n'kundifunsa ngati sindimukhulupirira. Ndinamuuza kuti asankhe: nditsegule ndione chilichonse, kapena abwerere nalo. Anandilanda phukusilo n'kumapita, osatsanzika. Mpaka lero sindikudziwa chimene chinali m'katimo, ndipo sindikufuna kudziwa. Ine ndege ndinakwera, ndipo mdzukulu wanga ndinamunyamula.