Timiyala ta simenti m'munda wa a Florentino

A Florentino, mlimi wa kunja kwa tawuni ya Milange, ali ndi diso loona kamtengo. Kaya akukankha njinga, kaya akuchokera ku tchalitchi atavala jekete, akangodutsa m'mphepete mwa munda wawo amazindikira kamango ka masamba awiri kobisala mu udzu. Amakazula, kukasansa dothi, n'kukaponya kumsewu. Anthu amawaseka kuti mkuluyu anayambana ndi mango, koma nkhani yake ndi yakale.

Anabadwira kumunsi kwa phiri la Tumbine, pamunda womwewu. Nkhondo itafika anathawira ku Malawi ali mnyamata, ndipo kunja kwa kampu ya othawa, mkulu wina anawabwereka kachigawo koti azilima. Lamulo linali limodzi, lomwe amalidziwa anthu a mbali zonse ziwiri za malire: wobwereka munda abzale chimanga, nandolo, chinangwa, koma mtengo ayi. Mtengo amabzala ndi mwini nthaka. Wobzala mango pamalo obwereka ndiye kuti walengeza kuti sadzachokapo. A Florentino anasunga lamulolo mpaka mtendere wa 1992, nabweza munda uja uli mbee, mwiniwake n'kuwaperekeza ndi nkhuku.

Atabwerera kwawo anaswa mphanje pamene panasanduka tchire, anakwatira a Laurinda, nayamba kunyamula matumba a chimanga panjinga kupita nawo kumalire. Nthawi imeneyo tawuni inali kutali. Msewu unali fumbi m'chilimwe, thope m'dzinja, ndipo palibe munthu wanzeru zake amene ankafuna kukhala m'mbali mwake. Kenako phula linafika kuchokera ku Mocuba, pambuyo pake maminibasi ndi njinga zamoto, ndipo ulendo wotopetsa uja unasanduka wongopita n'kubwera madzi ali pamoto. Tawuni sinakulire pamene inali. Inayamba kuyanga motsata phulalo ngati dzungu, chaka chino kagolosale, chaka chamawa chigayo, mpaka tsiku lina a Laurinda anamva wailesi ya eni ake ali m'munda mwawo momwe.

Woyamba kugogoda anali Crimildo, mnyamata wogulitsa petulo wa m'mabotolo ndi zitsulo za njinga. Anagwada bwinobwino, napempha kamalo m'mbali mwa msewu. A Florentino, amene anadyapo za m'munda wa mwini ali wothawa, mawu oti ayi kwa mlendo amawakanika kukhosi.

"Bambo a Nelsa, chifundo chinapha nkhwali," anatero a Laurinda mnyamatayo atachoka.

"Mlendo ndi mame, mayi. Ndamuuza kuti asayerekeze kubzala mtengo, ndipo wavomera."

Anavomeradi, mwachangu kwambiri mwina. Crimildo sanabzale mango, ngakhale papaya. Chimene anakwirira pangodya zinayi za kamaloko ndi timiyala ta simenti, totalika ngati chikhatho, tolembedwa manambala pamwamba. A Florentino anataona tsiku lomwelo, pakuti diso lawo siliphonya. Anakankha kamodzi ndi phazi.

"Nanga ichi?"

"Amati mariko, madala. N'cholinga choti ndisakulowereni m'munda."

A Florentino anafika kunyumba akuyamikira kuti ana aulemu akadalipo. Mwala ulibe mizu, suphuka, subala. Ungamulande bwanji munthu nthaka?

Apa mpomvetsa chisoni, chifukwa mkuluyu sanali wogona. Anali mlonda weniweni, kungoti ankalondera khomo limene mbala zinasiya kale kulowera. Pambuyo pa Crimildo anabwera a Paulina ndi malo awo odyera, kenako wowotcherera zitsulo, kenako abale a abale awo, aliyense n'kugwada, aliyense n'kulumbira za mtengo, aliyense n'kukwirira timiyala take. Zisakasa za bango zinasanduka nyumba za njerwa. A Laurinda akadandaula, amuna awo ankati njerwa ndi dothi basi, nyumba imagwa, mtengo ndi umene umadikira zidzukulu. M'mawa uliwonse ankazungulira kuseri kwa nyumbazo kufunafuna timitengo, eni nyumba n'kumawapatsa moni kudzera pawindo. Chakudza sichiimba ng'oma.

Munda unatsala wa kumbuyo, mzere wautali wopanikizika pakati pa makoma ndi khwawa. Umenewo ndi umene umawadyetsa awiriwa, popeza mawondo anakana kale za matumba panjinga.

Chaka chatha m'chilimwe kunabwera anthu oyeza malo, atanyamula chida cha miyendo itatu ndi mtolo wa zikhomo zopaka utoto wofiira. Nyumba zinali zitathithikana m'mbali mwa phula mopanda podutsa ngakhale maliro, choncho dera latsopanoli linafunika msewu wakumbuyo. Msewu sungadutse pamalo a munthu, anatero mayi amene ankatsogolera gululo. Udutsa pamene palibe mwini.

"Mwini ndine," anatero a Florentino. "Onsewa ndinawabwereka ndine."

Mayiyo sanali wamwano. Anawayang'ana mwachifundo ndithu, nawafunsa kuti mariko awo ali pati. Iwo analoza mango aakulu awiri a kukhwawa, amene anabzala bambo awo nkhondo isanayambe.

"Imeneyo ndi mitengo, bambo. Ine ndikufunsa mariko."

A Florentino anatembenuka kuti Crimildo awachitire umboni, koma Crimildo anali atatanganidwa mwadzidzidzi ndi tayala lina mkati mwa shopu. Kwa nthawi yoyamba chichokere ku Malawi, iwo anachita mantha enieni. Anapita kuofesi ya boma kukadandaula, anauzidwa kuti nkhani yawo ndi yomveka, abwerenso. Anabwereranso, nauzidwa zomwezo. Pamene mvula yoyamba inkagwa, zikhomo zofiira zinali zitandanda pakati penipeni pa munda, kuyambira kumtunda mpaka kumunsi. Iwo anabzalabe, kulambalala zikhomozo, pakuti munthu sungaone mvula ikugwa mbewu ili m'nyumba.

Mu Disembala chimanga chili m'mawondo, chigalimoto chopalira misewu chinafika n'kuima kumutu kwa munda. Awiriwa anali akubandira. Dalaivala, bambo wa imvi ngati iwo omwe, anatsika n'kubwera m'mizere mosamala, osaponda phesi ngakhale limodzi. Anapereka moni, nayamikira kuti chimanga chadera bwino.

"Mukolola liti, achimwene?"

"Epulo, Mulungu akalola."

Dalaivalayo anayang'ana zikhomo zofiira zija.

"Ife atiuza kuti tiyambe zikondwerero za kumapeto kwa chaka zikangotha."

Anabwerera ku chigalimoto chake mosamala momwe anabwerera muja. A Laurinda anatsamira khasu.

"Ndiye tibandire kapena tisiye, bambo a Nelsa?"

A Florentino anayang'ana mizere yomwe inatsala, yobiriwira mpaka kukhwawa.

"Bandirani," anatero.

Anawerama onse awiri. Kumbuyo kwawo dalaivala uja anali atayamba kugogoda chitsulo chachikulu cha kutsogolo, kuchotsa matope ouma a kumene chinachokera.