Nyumba Yathu Inalibe Swichi Pakhoma

Anali masana, dzuwa lili paliwombo, ine ndikuswa mtedza pakhonde, pamene magetsi a m'chipinda cha ana anayaka okha. Anayaka, kuzima, kuyakanso. Foni yanga inali patchaja, palibe anaigwira. Ndinangoti mwina ndi mmene amachitira, n'kupitiriza mtedza wanga. Ndikanachitapo kanthu tsiku lomwelo, bwenzi mwana wanga alibe chipsera. Inu owerenga, makamaka amayi anzanga amene amuna anu ali kutali, tamvani zimene zinandigwera.

Amuna anga amagwira ntchito ku Joni. Atatimangira nyumba pa Mpingu anati safuna mababu olendewera ngati a m'golosale, akufuna timagetsi tolowa m'siling'i, toyatsa ndi foni, timene amationa kwa mabwana awo. Anauza mng'ono wawo, alamu anga, amene amadziwako za mawaya, kuti andiperekeze ku tauni kukagula.

Wogulitsa anati tilipo ta mitundu iwiri. Tina timamva foni ukakhala m'nyumba momwemo, pa bulutufu uja timatumizirana nyimbo. Tina timadzera pa wayifayi, kabokosi koikamo simu ndi bandulo, ndipo munthu akhoza kuyatsa kapena kuzimitsa ali kulikonse. Ine mtima unali pa toyambato. Koma alamu anati ta wayifayi ndiye ta masiku ano, achimwene awo aziyatsira ana ali ku Joni komweko. Ndinaganiza za Tadala, mwana wanga woyamba, amene amalirira bambo ake, ndipo ndinavomera. Anatinso maswichi a pakhoma n'kutaya ndalama, amangodetsa penti. Apanso ndinavomera. Sukulu ndinalekeza Sitandade 7, ndiye Chingerezi cha mufoni chija ndinangowapatsa alamu kuti akonze okha. Zoti nambala yachinsinsi aisunga ndani, sindinafunse.

Kuchokera tsiku la mtedza lija zinthu zinayamba kuipa. Madzulo ndikamaphika kapena kusambitsa ana, nyumba yonse mdima bii. Ndikadina pafoni amayaka, kamphindi azimanso. Upapase khoma, palibe podina. Ndikaimbira amuna anga ankati iwo sanagwire, ndiitane mng'ono wawo. Alamu ankabwera panjinga yamoto, kudinadina, magetsi n'kuyaka, koma iwo osanyamuka. Ankakhala pampando wa achimwene awo, kupempha tiyi, n'kumati mkazi wamng'ono ngati ine sayenera kugona yekha m'nyumba yochita zotere, bwanji azidzagona pabalaza. Ndinkawakanira mwaulemu, khanda lili kumsana, chitseko ndili nditatsegula.

Mantha ndinali nawo, sindinama. Ndinafika poganiza kuti ena atichitira nsanje chifukwa cha nyumbayi. Amayi a kumpingo anabwera kudzapemphera chipinda ndi chipinda, koma madzulo ake zinachitikanso.

Tsiku lina madzulo ndinateleka madzi pambaula m'khitchini, ine ndili kubafa ndi khanda. Magetsi anazima. Tadala amaopa mdima. Anathamanga kundifuna, n'kupunthwa pambaula, madzi otentha aja n'kumukhuthukira pamkono. Kulira kwake ndimakumvabe mpaka lero. Ndinamukulunga m'chitenje, khanda kumsana, kuthamangira kumsewu kukasaka kabaza wa kuchipatala.

Tili kuchipatalako bandulo ya m'kabokosi inatha, ndipo titatuluka sindinagule ina, maganizo onse anali pa bala. Ndikakhala m'nyumba, pafupi ndi kabokosiko, foni yanga inkayatsabe magetsi bwinobwino ngakhale popanda bandulo, koma kuzima okha kuja kunatheratu. Masiku anapita, zii. Ndiye ndinadzifunsa, kodi ndi mfiti yanji imene imadikira bandulo?

Ndinayesa dala. Ndinagula kabandulo kakang'ono, mbaula ndinatulutsa panja, ana ndinawakhazika pamphasa pambali panga, tochi ili m'manja. Kutangoyamba kuda, magetsi a kuchipinda kwanga anazima. Sindinaimbire munthu aliyense. Posakhalitsa ndinamva njinga ija pabwalo.

"Alamu, a kuchipinda kwanu avutanso eti?" anatero alamu anga aja akanali pakhomo.

Chipinda changa chili kuseri, kumsewu sichioneka. Ndinawafunsa kuti wawauza ndani. Anaseka n'kuti amangodutsa. Foni inali m'manja mwawo, ikuwala, ndipo ndinaona timabatani tomwe tili pa yanga. Ndinaima pakhomo pomwepo mpaka anabwerera.

Amuna anga nditawauza anakalipa, akuti ndikudanitsa pachibale, ndisakhudze kanthu mpaka adzabwere pa Khirisimasi. Ndinawatumizira chithunzi cha mkono wa Tadala. Ndinawauza kuti banja ndimalifuna, koma ana anga sangadikire Disembala.

Inu amene mukumanga, magetsi amenewa si oipa ayi. Koma musachite manyazi kufunsa ngati mmene ndinachitira ine. Funsani kuti akumvera foni zingati, ndipo za ndani. Ngati mulibe chifukwa choyatsira muli kutali, tengani omva pafupi aja. Nambala yachinsinsi ikani nokha, ngakhale mukhale tsiku lonse mukulimbana nayo. Ndipo wina asakunamizeni kuti swichi ndi yachikale. Mwana alibe foni, ali ndi dzanja basi.

Ine ndinagulitsa mtedza wanga, n'kuitana bambo wina wa zamagetsi wa ku Nsaru amene amayi a kumpingo anandilozera. Anaboola makoma openta bwino aja, n'kuika swichi chipinda chilichonse, ya kwa ana m'munsi poti Tadala afikire. Kwa anako anachotsa timagetsi ta foni n'kuika tawamba. Kabokosi kaja ndinazula, simu ndinathyola.

Lamulungu titaweruka kutchalitchi ndinaitana ankhoswe a mbali zonse ziwiri, alamu nawo anabwera. Ndinafotokoza zonse, Tadala ali pamiyendo panga ndi bandeji yake. Alamu anayamba kukana. Ndinatenga kabokosi kaja n'kukaika pamapazi pawo.

"Tengani, alamu, mukayatse kwanu. Pakhomo pano musadzapondenso achimwene anu kulibe."