Kuthokoza kwa a Magdalena

Kuno ku Thyolo akapitawo agwa ambiri, koma ochuluka anagwetsedwa ndi a Magdalena Namaona, mayi wothyola tiyi amene sanadandaulepo za munthu. Iwo ankangothokoza basi.

Tsiku la Sabata ikafika nthawi ya maumboni, a Magdalena ankaimirira, kukonza duku, n'kuyamba. Tsiku lina anati: "Ndikuthokoza Mulungu chifukwa cha akapitawo athu, a Justice. Msana utandivuta anandilola kugona pamthunzi tsiku lonse, dengu langa lopanda kanthu n'kulilemba kuti ladzaza." Mpingo unati ameni. Amanijala a esiteti, amene anali pabenchi yakutsogolo, anatinso ameni. Lolemba a Justice anali kuthyola tiyi ngati tonsefe.

Wotsatira kugwa anali mlonda amene anawapatsa nkhuni za bulugamu wa kampani. Kenako tcheyamani wa mjigo, amene ankawadumphitsa mzere. Anthu anachenjera. Waudindo akawaona akubwera ndi katundu pamutu ankalowa m'tiyi n'kubisala, ndipo dalaivala wa thirakitala ankawadutsa mvula ikugwa, nkhope atayang'ana kumbali. Zinkandimvetsa chisoni, ngakhale nanenso moni ndinkawapatsira patali.

Ndiye mwana wawo Lackson anapatsidwa ukapitawo, pamodzi ndi nyumba ya pa esiteti. Anawagulira amayi ake nsapato, n'kuwasankhira mizere ya tiyi yapafupi ndi sikelo. Lachisanu dzuwa lisanalowe anapita kukawagwadira.

"Amayi, chonde, mawa musaimirire."

"Ndikhale chete ngati wosayamika? Ndinakulera choncho iwe?"

Mawa lake anaimiriradi. Lackson anagwira mutu, mkazi wake mumtima atayamba kale kumanga katundu. A Magdalena anayang'ana mwana wawo, anayang'ananso amanijala.

"Abale, mwana wangayu chilowere ukapitawo sanandichitireko chabwino chilichonse. Ndi wouma mtima. Mumupempherere."

Amanijala anagwedeza mutu mokhutira, ndipo Lackson ndi kapitawo mpaka lero.

Ine ndinali nawo benchi imodzi. Atakhala pansi anavula nsapato zija n'kuzikankhira kunsi kwa benchi, ndipo nyimbo yotsekera sanaimbe nawo.