Mazira a Ndege

Ndiulule lero. Mpaka ndevu kumera, ine ndinkakhulupirira kuti ndege zimaikira mazira. Ndinkalota nditatola limodzi kuseri kwa phiri, nkhuku yanga italifungatira, kenako kamwana ka ndege kakunditsata kudimba. Musaseke. Sukulu ndinailekera panjira, aphunzitsi asanafike pamutu wa ndege.

Mlungu uno ndinali pansi pa mtengo wa mango kutchalitchi kwathu ku Chiparamba, pomwe Mayi Tembo amaphunzitsa tiana tosafika msinkhu wa sukulu. Ine ndimapitako kukaodzera. Tulo ta pa nyimbo za ana sitifuna mphasa.

Pakati pawo pali Rozina, kamtsikana komwe kanabwera ndi amake pothawa nkhondo ya Apwitikizi ku Mozambiki. Chinyanja chake n'chathu chomwechi.

Kenaka kumwamba kunadutsa ndege. Tiana tathu tinathamangira poyera, manja m'mwamba: "Ndege, ukatigulire buledi!" Rozina anadzigwetsa m'ngalande, nkhope m'dothi, manja kumutu. Osalira. Zii.

Amake, omwe amakhala chapatali kumuyang'anira, anamudzutsa n'kumubereka.

"Aphunzitsi, mwanayu sabweranso. Kwathu ana akasonkhana poyera, ndege imawaona."

"Iyi ndi ya makalata, amake Rozina."

"Ija inaponya mabomba kwathu nayo sinatiuze kuti yanyamula chiyani."

Mayi Tembo anachonderera mpaka anagwirizana chimodzi: pakakhala denga, mwana abwerera.

Abale anga, timanyada kuti alendowa tinawalandira. Ufa tinawapatsa, pogona tinawaonetsa. Koma kodi mantha a mwana amachoka ndi phala? Pamaliro timadziwa kunena kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe, koma nditaitchula nkhani ya dengali pabwalo, amuna anzanga anati tidikire Boma, poti tsopano ndi lathu. Kodi Boma ndilo linafolera nkhokwe zanu?

Madzulo ndinakhala pakhonde, maso kumitambo, ndikufotokozera mayi a kunyumba zomwe ndinkaona. Chisakasa cha udzu wochindikala, chozizira ngati m'phanga. Rozina akuumba ng'ombe zadothi ndi anzake, akulemba a, e, i ndi chala pamchenga. Ndege ikudutsa, iye osatukula n'komwe mutu, mwinanso akuituma buledi.

Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, ndipo pozimitsa koloboyi anati:

"A Jere, mazira munkalakalaka aja, mwana uja anawaona akugwa. Chikwakwa chili kuseri kwa chitseko. Maloto otsalawo mukamalize mawa mukumweta udzu."