Malo a Banja la Gillies Paphiri

Effie Gillies wayendetsa galimoto ya positi zaka makumi awiri ndi zinayi. M'mawa uliwonse amanyamuka ku Camasdubh n'kutsata msewu wopapatiza wozungulira Loch Arnort, nyanja yamchere imene inalowerera pakati pa mapiri. Akafika kutsidya amabwerera msewu womwewo, poti wina kulibe. Tsiku lina ana a sukulu, pophunzira masamu, anawerengera maulendo ake n'kupeza kuti akanamayenda molunjika bwenzi atazungulira dziko lapansi koposa kakhumi. Anathamangira kugeti kukamuuza. Effie anaseka nawo, koma madzulo ake chakudya chinamukanika.

Pampando wa pambali pake pamakhala kamera. Amajambula katumbu akudya nkhanu pamwala madzi akaphwa, mabwato atagona cham'mbali m'matope, manja a nkhalamba akulandira kalata. Alendo a m'chilimwe amajambula zomwezo, n'kupita kwawo.

Amakhala ndi bambo ake, a Hector, a zaka makumi asanu ndi atatu kudza zinayi, eni nkhosa makumi anayi paphiri la mudzi. Mayi ake anamwalira kalekale. Mlongo wake Torquil ali ku Canada, ndipo amaimba foni pa Khirisimasi.

Chaka chatha mayi wina wa ku Glasgow anaona zithunzi za Effie zitapachikidwa m'sitolo ya m'mudzimo. Patapita miyezi analemba kalata: akufuna kuonetsa zithunzi makumi atatu, ndipo mwiniwake adzakhalepo potsegulira chionetserocho, Loweruka lachiwiri la Julaye. Kalatayo Effie anaibweretsa yekha kunyumba kwake. Anapempha tchuthi, anamupatsa.

Nkhosa zinayenera kutsitsidwa paphiri Loweruka loyamba la mweziwo. Koma mvula inagwa sabata yonse, ndipo ubweya wonyowa sumetedwa. Lachinayi kutayera, a Farquhar, mlembi wa busa la mudzi, anatchula tsiku latsopano: Loweruka lachiwiri lomwelo. Effie anawapeza pakhomo pawo, kalata yawo ili m'manja.

"A Farquhar, Loweruka lokhalo ayi. Bwanji Lolemba?"

"Lolemba mvula ikubweranso, wailesi yanena. Lamulungu ukudziwa wekha, ngakhale galu sauwa kuno."

"Ndiye pamalo athu paime wina."

"Ndani? Tatsala anthu asanu ndi anayi, awiri mawondo ndi achitsulo. Ndiimikepo mphaka wanga?"

Potsitsa nkhosa nyumba iliyonse imatumiza munthu mmodzi ndi galu. Amayalana mzere kuchokera pamwamba, n'kumatsika pamodzi. Pakakhala mpata nkhosa zimapulumukira pomwepo, ndipo mudzi wonse wataya tsiku. Malo a banja la Gillies, kuyambira nthawi ya agogo, ndi apamwamba penipeni, m'mphepete mwa phompho. Zaka khumi zapitazi pamaima Effie.

Nkhaniyi anaitula pa tiyi wa masana.

"Pita ku Glasgow kwakoko, mwanawe," anatero a Hector. "Wakugwira mwendo ndani?"

"Nanga phiri?"

"Phirilo ndinayamba kukwera iwe usanabadwe."

"Ababa, masitepe a m'nyumba muno mumapumira pakati."

"Ndimaima kuti ndiganize. Ena amakwera opanda kanthu m'mutu."

"Lonjezani kuti simupita. A Farquhar aona chochita."

"Ndamva."

"Kumva si kulonjeza."

"Tiyiyu wachepa shuga," anatero mkuluyo, akuyang'ana pawindo.

Effie anapempha Dolina, mnansi wawo, kuti adzalawirire kudzakhala nawo. Ndodo yawo yokoka nkhosa anaibisa kuseri kwa kabati.

Loweruka anakwera basi ya m'mawa atavala diresi yabuluu yatsopano. Basi itazungulira gombe n'kukwera chitunda, mudzi unaonekera wonse kutsidya kwa madzi. Mwachizolowezi anakweza kamera, n'kukokera chithunzicho pafupi. Anaona tchalitchi, khola lometera, nyumba yawo. Pamwamba pa mpanda womaliza anaona chikhoti chachikasu cha bambo ake chikusuntha pang'onopang'ono, galu ali patsogolo. M'malo mwa ndodo munthuyo anagwira mpini wa tsache. Anayenda masitepe khumi, n'kuima atawerama, n'kuyambanso. Dolina sanali kuoneka paliponse.

Effie anatsitsa kamera. Anayang'ana kutsogolo, kumene msewu umakhotera kuseri kwa phiri, nyanja n'kusaonekanso. Panatsala pang'ono. Basi itafika pamlatho anaimirira.

"Imitsa, Lachie."

Dalaivalayo anamuyang'ana pagalasi. "Waiwala chiyani? Ina ndi ya Lachiwiri, Effie."

"Ndikudziwa. Chilichonse chotuluka muno ndimadziwa nthawi yake."

Chikwama anachisiya pakhomo pa nyumba yoyamba, nadutsa m'dambo, nsapato zatsopano zikumira. Anawapeza bambo ake pa kamtsinje, atakhala pamwala, milomo itachita buluu. Anadikira mpaka mpweya unawabwerera.

"Watchena bwanji," anatero mkuluyo. "Nkhosazi zikhumudwa, sizinasambe."

"Vulani majombowo."

Anavula osatsutsa. Effie anawavala, aakulu choncho, natenganso chikhoticho. Pansi, Dolina anali akukwera mothamanga, akukalipa asanafike n'komwe. Kumanja kunamveka likhweru la a Farquhar: mzere unali utayamba kuyalana.

"Sindinakuitane," anatero a Hector motsitsa mawu.

"Simunandiitane, ababa."

Anaitana galu, nayamba kukwera. Atafika patali ndithu anamva mkuluyo akufuula kumbuyo, mawu akuduka ndi mphepo.

"Usatsamire kumanzere! Nthaka yafewa ndi mvulayi!"

Effie anakweza dzanja osatembenuka.